ANangondo, Telala Amene Ankayamba N'kuona Mwana Kumsana

Uthenga unandipeza kumunda ndikukumba mtedza. Mwana wanga woyamba, Tiyamike, anaimba foni n'kungoti, "Amayi, aNangondo atisiya m'mawa uno." Ndinakhala pansi pamzere pomwepo, khasu lili m'manja. ANangondo sanali mayi anga, sanali azakhali anga, ndipo magazi athu sanakumane paliponse. Koma ine ndimakhulupirira kuti mwana amene anandiimbira foniyo ali moyo chifukwa cha iwo. Nkhaniyi ndakhala nayo mumtima kuyambira sabata ya ukwati wanga, ndipo tsopano palibenso amene ingamupweteke.

Aliyense wokulira ku Chiosya anawadziwa. Ankasoka pakhonde la sitolo ina yoyang'ana kumsewu, ndi makina akale opalasa ndi miyendo. Anali aafupi, oonda, magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi, tepi yoyezera ili m'khosi ngakhale kutchalitchi. Kwao kunali ku Ntcheu. Anabwera kuno ali mtsikana, kutsatira amuna awo amene anapeza utenanti pa esiteti ina ya fodya. Amunawo atamwalira, iwo sanabwerere kwao. Anagula makinawo n'kukhazikika pakhondepo, ndipo anasokera mibadwo itatu ya ana, koma mpaka tsiku lowaika m'manda panali ena owatchulabe kuti obwera.

Pakamwa sanali pofewa ayi. Ukabwera ndi nsalu yochepa n'kumafuna diresi la manja aatali, ankakufunsa ngati makina awo amabala nsalu. Ukawafulumiza, ankaika chovala chako pansi pa mulu iwe ukuona. Mapini ankawasunga pamilomo, ndiye mawu awo ambiri ankatulukira pambali pakamwa, afupiafupi. Ife tili ana tinkawaopa kuposa aphunzitsi.

Chimene tinkadana nacho kwambiri chinali kuvula. ANangondo sankayeza mwana atavala malaya. Ukafika ndi mayi ako kudzasoketsa yunifolomu, mawu oyamba anali akuti, "Vula." Kenaka ankakutembenuza kuti uyang'ane kumsewu, iwo n'kumaona kumsana. Akachoka kumsana ankaona pamimba, m'khwapa, kuseri kwa makutu, n'kumaliza ndi kupatula tsitsi ndi zala zawo zouma zija. Tepi inkabwera pambuyo pa zonsezi. Amayi ambiri ankayesa kuti ndi luso la utelala, kufikira tsiku limene anabwezedwa nsalu yawo yosadula n'kuuzidwa kuti mwanayu ali ndi katsabola, apite naye kunyumba.

Nthawi zambiri mayi wa mwanayo ankatsutsa, ndipo sanali kulakwa potsutsa. Mwana amakhala akuthamanga, akudya, mwina dzulo lake anangotentha thupi pang'ono n'kusiya phala latheka. Tiziphuphu timakhala towerengeka, tobisala pansi pa malaya. Wina ankati ndi udzudzu, wina nsikidzi, wina thukuta la m'chilimwe. ANangondo ankamukokera mayiyo pafupi n'kumuonetsa. Udzudzu, ankatero, umaluma pamene pali poyera, m'miyendo ndi m'mikono, sulowa m'tsitsi kapena pakati pa msana. Mphere zimakonda pakati pa zala, ndipo sizigwira mmodzi, nyumba yonse imakanda. Chikuku sichibwera mwakachetechete, chimabwera ndi maso ofiira, chimfine ndi chifuwa, mwana n'kugoneratu, ndipo zidzolo zake sizikhala ndi madzi. Koma katsabola umamudziwa ndi kathuza kakang'ono kokhala ndi madzi oyera ngati dontho la mame, katakhala pakati pa khungu lofiirira. Ndipo satuluka tsiku limodzi. Pamsana womwewo upeza kena kangoyamba kufiira, kena kali ndi madzi, kena kauma kale kachita nkhanambo. Ukaona agogo, mayi ndi mdzukulu atakhala pamsana umodzi, ankatero, usavutike kufunsa kwina.

Sankaopseza anthu nazo. Ankati kwa mwana wathanzi katsabola ndi mlendo, amagona masiku pang'ono n'kutsanzika. Malangizo awo anali omwewomwewo chaka ndi chaka: muwengeni zikhadabo kuti asadzikande mpaka zilonda, musambitseni ndi madzi ofunda pang'ono, muvekeni zopepuka, mumwetseni madzi ndi phala pafupipafupi. Asipulini ankaletseratu. Anzake asasewere naye mpaka matuza onse atauma. Koma akayamba kukana kumwa, kupuma mothamanga, kungogona osadzutsika bwino, kapena zilonda zikatupa n'kuchita mafinya, pamenepo telala alibe mawu, nyamulani mwana mupite kuchipatala. Ankadziwa polekezera, ndipo sanagulitsepo mankhwala kwa munthu.

Akatha zonsezo ankafunsa funso lomaliza, ndipo polifunsa ankachotsa mapini pakamwa. "Kwanu kuli woyembekezera? Kuli khanda?" Ukati kulibe, ankakufunsanso za nyumba yoyandikana nayo. Anthu ankaseka, ena mpaka kumawayeserera kumjigo, akumati aNangondo amawerenga mimba za mudzi wonse. Iwo sankaseka nawo. Ankati nthenda imene kwa mwana wa zaka zisanu ndi masewera, kwa mayi wapakati amene sanaidwalepo ndi kwa khanda lobadwa kumene imatha kukumba manda.

Mkangano wawo waukulu unali ndi azimayi akuluakulu a m'midzi yathu. Kwathu kuno, kuyambira kale, mwana akatuluka zotuluka m'thupi, akuluakulu amati asakhudzidwe ndi munthu wotentha, kutanthauza amene akugona pamphasa imodzi ndi mwamuna kapena mkazi. Amati wotentha akamugwira kapena kumuthirira mchere m'ndiwo, nthenda imabwerera m'kati, mwana n'kutsemphedwa. Amamupereka kwa wozizira, nkhalamba kapena wamasiye, kuti amusunge. Ndipo mwana akafa, pamakhala kufufuza kuti analakwa ndani, bambo kapena mayi. ANangondo akamva zimenezi makina ankaima. Ankalankhula mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera, akuti nthendayi imayenda ndi mpweya ndi madzi a m'matuza, siyang'ana kuti wagona kuti. Anayambana ndi anamkungwi, anayambana ndi alangizi a kumpingo, ndipo mayi wina anasiya kuwapatsa moni kwa zaka chifukwa anamuuza pagulu kuti akunamizira mpongozi wake.

Chimene chinayambitsa ukali umenewo ndinachimva mochedwa, ndili kale pabanja, koma ndichinene pano. Ali ku esiteti kuja, mimba yawo yoyamba itatsala pang'ono, katsabola analowa m'nyumba za matenanti. Ana ankasewera ali naye m'zigafa za fodya, palibe amene ankalabada. Mwana wa nyumba yoyandikana ankakonda kudzagona pamiyendo pawo masana, ali ndi timatuza towerengeka timene aliyense ankati ndi nsikidzi. Iwo anali asanadwalepo. Matuza anawatuluka thupi lonse m'masiku omwewo ochira, ndipo mwana anabadwa wamwamuna, wonenepa bwino. Sanatuluke m'chikuta. Anamutuluka nayenso, anayamba kubanika, n'kupita asanapatsidwe dzina. Khanda lotero salilira mokweza, amakaliika azimayi okhaokha. Atabwerako kumandako, azimayi aja anakhala pansi n'kuyamba kufunsa kuti pakati pa iwo ndi amuna awo anatsempha mwana ndani. Amuna awo anali atapita kokagulitsa fodya masiku amenewo, ndiye ena anati ndi bamboyo, ena anati ndi mayiyo poti anatsala yekha. ANangondo anali akadali ndi nkhanambo kumaso, mawere akutuluka mkaka, akufunsidwa kuti anagona ndi yani. Sanakhalenso ndi mwana wina.

Ukwati wanga ndi Damiyano unali utalengezedwa kale kutchalitchi pamene ndinazindikira kuti ndili ndi pathupi. Bambo anga anali mkulu wa mpingo, munthu amene ankaimirira kutsogolo kulangiza ana a eni. Zikanamveka, ukwati wa velo ukanaimitsidwa, ndipo bambo sakanadzutsanso mutu pagulu. Tinkadziwa awiri, ine ndi Damiyano. Wachitatu anadziwa ndi tepi. Tsiku loyesa diresi kachiwiri, aNangondo anazunguliza tepi m'chiuno mwanga, anayang'ana, anazungulizanso pachifuwa. Kenaka anatenga lezala n'kuyamba kusomola msoko wa m'mbali.

"Tepi sinama, Lusiya," anatero, maso ali pansalu. "Ndikuonjezera pang'ono. Ukafunsidwa, uziti telala wakalamba, analakwitsa muyeso."

Ndinayamba kulira. Sanandilangize, sanandinyoze, anangondipatsa kansalu kotsala kuti ndipukute m'maso. Ndikuvala zanga kuti ndizipita, anachotsa mapini pakamwa.

"Iwe katsabola unadwalapo?"

"Kaya, amayi. Sindikumbuka."

"Sunadwale. Chaka chimene anagwira alongo ako, iwe unali kwa azakhali ako ku Zambia. Mayunifolomu awo ndinabweza ndine, yako sinabwere."

Ndinaona ngati ndi funso lawo lija la masiku onse, ndipo ndisanafike kunyumba ndinali nditaliiwala.

Damiyano anali ndi mlongo wake wamkulu, aMalita, wokwatiwa cha ku Kachebere. Mwana wawo Tadala, wa zaka zisanu, ndiye anasankhidwa kukhala kamkwatibwi, kotsogolera ana a maluwa. Mwambo wake mukuudziwa. Kamkwatibwi kamafika masiku angapo ukwati usanachitike, kamagona m'nyumba imodzi ndi mkwatibwi ndi operekeza ake pophunzira masitepe, ndipo tsiku la ukwati kamakhala pambali pake kuyambira kutchalitchi mpaka perekaniperekani atatha. AMalita anali atauza dera lonse la kwao. Nsapato zoyera anakagula kutsidya kwa malire, ndipo nsalu ya diresi anatumiza kwa aNangondo mwezi wathunthu ukwati usanafike.

Anatsika matola Lachitatu m'mawa, iwo ndi Tadala, n'kulunjika kwa telala kukayesa diresi asanafike kwathu. Apongozi anga, amake Damiyano, anali atabwera kudzawachingamira ndipo analowa m'sitolo kukagula mchere. Ine ndinkabwera kudzatenga diresi langa. Nditangodumpha ngalande ya msewu ndinamva mawu a aNangondo, okweza kuposa mmene ndinawamverapo.

"Lusiya! Ima pomwepo. Usakwere pakhonde pano."

Ndinaima pansi pa mtengo wa mango umene uli patsidya pa ngalandeyo. Pakhonde panali Tadala atavula malaya, atayang'ana kumsewu, akundimwetulira n'kumadzikanda paphewa. ANangondo anali atagwada kumbuyo kwake.

"Amake Tadala, mwanayu wayamba liti kukanda?"

"Aa, ndi udzudzu umenewo. Kwathu kuli madambo."

"Udzudzu wa kwanu umalowa m'tsitsi? Bwerani muone. Aka kali ndi madzi, aka kauma, aka kangotuluka lero. Dzana sanatenthe thupi?"

"Pang'ono pokha, koma anadzuka bwinobwino. Taonani mmene akudumphira."

"Ndi katsabola. Wochepa ndithu, achira msanga. Koma kuukwati sapita, ndipo kunyumba kwa mkwatibwi sakagona."

AMalita anaseka kaye, akuyesa nthabwala. Ataona kuti telala akupinda kadiresi kaja n'kukaika m'kabati ya makina, nkhope inasintha.

"Inu amayi, si ndinu nomwe mumati katsabola ndi mlendo wa ana? Tiziphuphu tisanu tokha, tobisika m'diresi, n'kumulanda mwana wanga tsiku lake? Ana onse amadwala zimenezi. Akapatsira ndani, poti akuluakulu tonse tinadwala kale?"

Pamenepo ndi pamene funso la aNangondo lija linandibwerera. Ndinagwira pamimba osadziwa, kenaka ndinachotsapo dzanja msanga. Yankho loona linali limodzi lokha, ndipo aNangondo sakanalinena popanda kundivula pamaso pa apongozi ndi anthu amene anali atayamba kusonkhana. Akanangokhala chete, aMalita akanamuveka mwana diresi lina lililonse, usiku womwewo n'kudzagona pamphasa yanga. Khoswe anali atakhala pamkhate. ANangondo anandiyang'ana kamodzi kokha kudutsa pamwamba pa magalasi aja. Kenaka anachotsa mapini pakamwa, mmodzimmodzi, n'kuwabaya pa kapilo kawo, natembenukira kwa apongozi amene anali ataima pakhomo la sitolo ndi mchere m'manja.

"Amake Damiyano, inu ndinu akuluakulu. Mdzukulu wanu watuluka zotuluka. Mukufuna mupite naye pabwalo la ukwati, pamene aliyense adzamunyamula, adzamupsompsona, adzamupatsa chakudya? Mukudziwa kuti mwa anthu onsewo wotentha ndani, wozizira ndani?"

Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwa aNangondo. Ine ndinawamva ndi makutu anga. Apongozi anaika mchere pansi. Anamuyang'ana mwana kumsana, anapukusa mutu, n'kunena kuti zatha, Tadala sapita, iwo safuna kudzafunsidwa za mdzukulu wotsemphedwa. Kwa apongozi nkhani ya mpweya ndi matuza ikanangodutsa, koma iyi inalowa nthawi yomweyo.

AMalita anapsa mtima mpaka kugwetsa misozi. "Lero mwatembenuka? Si inu mumatukwana anthu kuti zimenezo n'zachikale? Malilime awiri! Ndi nsanje basi. Mungadziwe bwanji mmene mtima wa mayi umawawira, inu amene simunalerepo ngakhale mmodzi?"

Mwini sitolo anazimitsa wailesi. ANangondo sanayankhe. Anatola malaya a Tadala, anamuveka, namumanga mabatani mpaka lomaliza. Apongozi, pofuna kuziziritsa zinthu, anafunsa kuti nanga mwanayu asungidwa ndi yani, poti mayi ake ali pabanja ndipo nyumba zonse zadzaza alendo. Panafunika munthu wozizira.

"Musiyeni kwa ine," anatero aNangondo. "Ine ndinazizira kalekale."

Diresi langa anatumiza ndi mwini sitolo madzulo ake, litasitidwa, msoko wa m'mbali wosaoneka n'komwe kuti unasomoledwapo. Ukwati umene anausokera zovala zonse iwo sanauone. Loweruka, pochoka kutchalitchi, galimoto yathu inadutsa pa sitolopo ikuliza hutala. Ndinasuzumira pawindo. Tadala anali ataima pamwamba pa benchi atavala kadiresi kake koyera ndi nsapato za kutsidya zija, kumaso kuli madontho a mankhwala oyera opaka amene aNangondo anakamutengera kuchipatala. M'manja anali ndi mbale ya maluwa othothola pampanda, akuwaza pakhonde lopanda anthu, akuvina masitepe amene anamuphunzitsa nkhalambayo. ANangondo anali atakhala kuseri kwa makina, manja ali pamiyendo. Sanabayibitse. Ine ndinalira m'velo, ndipo operekeza anati ndi misozi ya mkwatibwi.

Mtengo wake analipira okha, ndipo unali wokwera. AMalita ndi abale awo onse anasiya kusoketsa kwa iwo. Koma chimene chinawapweteka si chimenecho. Nkhani inafala kuti aNangondo avomera tsopano za otentha ndi ozizira. Kuyambira pamenepo, akati atsutse mayi wina amene akunamizira mpongozi wake, ankayankhidwa kuti, "Si munanena nokha pa ukwati wa mwana wa akulu a mpingo?" Chinthu chimene analimbana nacho moyo wawo wonse anachipatsa mphamvu ndi pakamwa pawo. Ndinawaonapo kangapo akumeza mawu, n'kupalasa makina mwamphamvu popanda nsalu yoti isokedwe mofulumira chotero.

Tiyamike anabadwa wathanzi, khungu losalala, kulira kwake komveka kunja. Anthu anawerenga miyezi pa zala, analankhula kumjigo sabata zingapo, n'kupeza nkhani ina. Nditatuluka m'chikuta ndinapita naye pakhondepo, ndipo ndinawauza aNangondo kuti ndikufuna kukawafotokozera aMalita zoona zake.

"Usayerekeze," anatero. "Owerenga miyezi amangoganiza. Ukanena wekha ndiye wawapatsa mlandu woti akawaimike nawo bambo ako. Ine zonditukwana ndinazolowera, msana wanga ndi wachikopa."

Anamulandira mwanayo, namuvula, namutembenuza kumsana monga ankachitira ndi ana onse. Anamuyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene pankafunikira. Pomubweza anati ndimuveke, kukuzizira, ndipo anatembenukira kukhoma kukafuna ulusi umene unali patsogolo pawo pomwe.

Chimene anandipulumutsako ndinachilawa patapita zaka zinayi. Tiyamike anatenga katsabola kwa anzake, timatuza towerengeka, osagona n'tsiku limodzi lomwe. Patatha masabata awiri ndinagwa ndine. Matuza anandituluka mpaka m'kamwa ndi m'zikope, thupi likutentha ngati mbaula, chifuwa chitandigwira moti anandigoneka kuchipatala. Ndinali munthu wamphamvu, wopanda pathupi, koma ndinaona manda ali pafupi. Nditatuluka, aNangondo anatseka makina n'kudzakhala kwathu kundiphikira phala. Ndi masiku amenewo, akundipaka mankhwala kumsana, pamene anandiuza za esiteti ndi mwana wawo wopanda dzina. Anafotokoza mosalira, mawu ali pansipansi, ngati akunena za munthu wina. Atamaliza anangoti, "Tembenuka, ndipake mbali inayi."

Zaka zomalizira maso anafooka, singano ankalowetseredwa ndi ana odutsa. Ntchito inachepa, poti anthu anayamba kugula za kaunjika ndi mayunifolomu osokasoka. Koma pakhonde sanachokepo. Amayi ankabwerabe ndi ana, osati kudzasoketsa, koma kudzaonetsa msana. Maso atalephera ankagwiritsa zala, kusisita pang'onopang'ono mpaka kupeza kathuza, n'kumufunsa mayiyo kuti anene mtundu wake. Funso lomaliza lija sanalisiye mpaka sabata imene anagwa n'kutengeredwa kuchipatala kumene anakatsirizikira.

Pamaliro, woyendetsa mwambo anafunsa kuti achibale a malemu ali kuti, aimirire. Ku Ntcheu kunalibe amene anabwera, mwina kunalibenso wowakumbuka. Panadutsa kanthawi anthu akuyang'anana. Kenaka Tiyamike anaimirira, mwana wake ali kumsana, ndipo ine ndinaimirira pambali pake. AMalita, amene tsopano ndi agogo oyenda ndi ndodo, anabwera chifukwa maliro sakana munthu. Anandikokera kuseri kwa nyumba kumene tinkaphika.

"Alamu, mwana wanu akuimirira ngati ndani?"

Bambo anga anamwalira kale, apongozi nawonso, ndipo amene anandiletsa kunena anali m'bokosi. Ndinawauza zonse, kuyambira pa tepi, katsabola amene ndinali ndisanadwale, mpaka za mwana wa ku esiteti. AMalita anamvetsera atatsamira ndodo.

"Ndiye anali naye mwana?"

"Anali naye. Sanatuluke m'chikuta."

"Ine n'kuwauza zija, pagulu." Anagwira pakamwa. "Bwanji sanandiyankhe?"

"Akanayankha bwanji, alamu, ine nditaima pamenepo?"

AMalita anamasula chitenje chawo chapamwamba, chatsopano, anachipinda bwinobwino, n'kulowa nacho m'nyumba ya siwa bokosi lisanakhomedwe. Tadala, amene tsopano ali ndi ana ake awiri ndi kachipsera kamodzi pamphumi, ndi amene anawagwira mkono polowa.

Sabata yatha ndinapita ku Chiosya kukagula feteleza wa kudimba, ndipo ndinapezeka ndakhala pabenchi ya pakhonde paja. Makina anawasiyira Tiyamike, ndiye pamalo pake pangotsala timaenje tinayi pasimenti, pamene miyendo yachitsulo inadya pansi zaka zonsezo. Ndili pomwepo panafika mtsikana wina wa ku esiteti, wachilendo, ali ndi kamnyamata kogwira chitenje chake. Anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa za agogo amene amaona ana. Ndinamuuza kuti tinawaika. Anaima osadziwa chochita, kamwanako kakudzikanda m'khosi.

Ine si telala ndipo si dokotala. Koma ndinamuuza kuti amuvule, ndinamutembenuza kuti ayang'ane kumsewu, ndinapatula tsitsi. Kena kanali kofiira, kena kali ndi madzi oyera, kena kouma. Ndinamuuza za zikhadabo, za madzi ofunda, ndi zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala. Anathokoza n'kuyamba kumuveka mwana. Atatsika kale pakhonde ndi pamene ndinamuitananso.

"Kwanu kuli woyembekezera? Kuli khanda?"

"Akulu anga achira dzana," anatero. "Ndiye kumene tikupita, kukaona mwana."

"Musapiteko. Bwererani kunyumba mpaka zonsezi zitauma."

Anandiyang'ana, anayang'ana njira ya kwa akulu ake, kenaka anabereka mwana n'kubwerera kumene anachokera. Ndinatsala ndekha pakhondepo. Msomali umene ankakolekapo tepi akamaweruka ukadali pakhoma, ndipo m'ming'alu ya simenti mukadali tizidutswa ta ulusi wa mitundumitundu timene tsache silitha kutulutsa. Mwini sitolo akuti mwezi wamawa aikapo makreti a zakumwa. Ndinawerama n'kutola pini mmodzi wadzimbiri amene anali m'mng'alu, ndinamubaya pa chitenje changa, n'kunyamula feteleza wanga.